Kusankha gitala ya besi: mafunso ndi mayankho

Ndiyambire pati posankha besi?

Yambirani pa nyimbo zimene mumayimba ndi anthu amene mumayimba nawo. Besi si chida choyenda chokha. Ntchito yake ndi kumanga pamodzi ng'oma ndi zida zina zonse, choncho besi yabwino ndi imene imakhazikika bandi yonse ikamalira, osati imene imangokoma m'khutu mukamayiyesa nokha pamalo pali zii. Kawirikawiri besi yomveka mosalala ndi mwakuya mukaliza nokha imasowa ng'oma ndi kiyibodi zikangolowa, pamene ina imene poyamba mumati ndi yokhakhala ndiyo imaboola n'kumveka mpaka kumbuyo kwa holo.

Mukatha kuganiza za nyimbo, ganizirani manja ndi phewa lanu. Besi imene imakupwetekani mudzayamba kuizemba, ikongole chotani. Dzina la kampani ndi utoto zibwere pamapeto.

Aliyense amakamba za Precision ndi Jazz. Zimasiyana bwanji?

Mabesi awiriwa ndiwo makolo a ambiri amene mumawaona masiku ano, ngakhale opangidwa ndi makampani ena, ndiye mukawamvetsa mwamvetsa zambiri.

Leo Fender, amene anayambitsa kampani yopanga magitala ya Fender, anatulutsa Precision Bass mu 1951. Mu 1957 anaisintha n'kuiikira pickup yogawika pawiri, theka limodzi pansi pa nsambo ziwiri zikuluzikulu, theka linalo pansi pa ziwiri zing'onozing'ono. Pickup ndi kamaginito kokulungidwa ndi waya wopyapyala, kamene kamatola kunjenjemera kwa nsambo n'kukusandutsa magetsi opita ku ampulifaya. Precision ili ndi pickup imodzi yokha, batani la voliyumu ndi batani la kamvekedwe, basi. Liwu lake ndi lonenepa, lodzaza pakati, logunda pachifuwa. N'chifukwa chake anthu ojambula nyimbo mu situdiyo amaikonda: siivuta kuipezera malo pakati pa zida zina. James Jamerson, amene anayimba besi mu nyimbo zambirimbiri za kampani ya Motown m'zaka za m'ma 1960, ankagwiritsa ntchito Precision.

Jazz Bass inabwera mu 1960. Iyi ili ndi ma pickup awiri owonda, ina chakukhosi, ina chaku bridge, kumene nsambo zimamangiriridwa pathupi la gitala. Mukatsegula zonse ziwiri mofanana, liwu limayera, lakuya pansi, lakuthwa pamwamba, koma pakati limachepako. Mukatsegula yaku bridge yokha, limauma n'kumalankhulira m'mphuno, noti iliyonse n'kumamveka payokha. Mukatsegula yakukhosi yokha, limayandikira kwa Precision ngakhale silifika penipeni. Vuto lake n'lakuti pickup imodzi ikatsegulidwa yokha imatola kaphokoso ka magetsi kong'ung'udza, makamaka pafupi ndi mababu ena ndi mawaya osalumikizidwa bwino. Mukatsegula zonse ziwiri mofanana kaphokosoko kamazimiririka. Pickup ya Precision ilibe vutoli chifukwa magawo ake awiri aja amafafanizirana phokoso.

M'manja namonso zimasiyana. Khosi la Jazz ndi lowonda kumutu, pafupifupi mamilimita 38, pamene la Precision limayambira pa 41 mpaka 44, malinga ndi mtundu wake. Papepala kusiyanako kumaoneka kochepa, koma dzanja limakumva nthawi yomweyo.

Ine ndikafunsidwa ndi munthu amene sanadziwebe liwu limene akufuna, ndimamulozera ku Precision kapena ku besi yosakaniza imene amati PJ, yokhala ndi pickup ya Precision pakati ndi ya Jazz chaku bridge. Amene amasintha mitundu ya nyimbo kangapo usiku umodzi, Jazz idzamupatsa mpata waukulu.

Chifukwa chiyani malo a pickup amasintha liwu chonchi?

Tagwedezani chingwe choyanikapo zovala. Pakati chimayenda mtunda waukulu, koma pafupi ndi pamene chamangidwa chimangonjenjemera pang'ono. Nsambo nayonso ndi chimodzimodzi. Pickup imene ili chapakati imatola kugwedezeka kwakukulu kuja, ndiye liwu limatuluka lonenepa ndi lozungulira. Imene ili pafupi ndi bridge imatola timagwedezeko ting'onoting'ono tothamanga, ndiye liwu limauma n'kuthwa.

Zala zanu zimatsata lamulo lomweli. Lizani nsambo pafupi ndi khosi, kenako pafupi ndi bridge, musanakhudze batani lililonse. Mudzamva mabesi awiri osiyana mu gitala imodzi. Anthu ambiri amasakasaka m'sitolo liwu limene likanapezeka pongosuntha dzanja lamanja masentimita khumi.

Besi ya batire ndi yopanda batire, yabwino ndi iti?

Yopanda batire, imene amati passive, imatumiza liwu la pickup monga liliri. Batani lake la kamvekedwe limangochotsa kuthwa, siliwonjezera kanthu. Ya batire, imene amati active, ili ndi kachipangizo mkati kamene kamakulolani kuwonjezera kapena kuchepetsa liwu lapansi, lapamwamba, ndipo mwa ena lapakati lomwe. Kambiri imadya batire la mavoti 9, ena awiri. Liwu lake silifooka ngakhale chingwe chopita ku ampulifaya chitalike.

Besi imene inatchukitsa kapangidwe kameneka ndi StingRay ya kampani ya Music Man, yotuluka mu 1976, ndipo Leo Fender yemwe uja anali m'gulu la oipanga. Ili ndi pickup imodzi yaikulu chaku bridge, ndipo liwu lake ndi lolimba, lowala, loluma. Louis Johnson ndi Bernard Edwards ndi ena mwa amene anaidziwitsa kudziko.

Palibe yoposa inzake. Active imathandiza ngati mumafuna kusintha liwu muli papulatifomu osathamangira ku ampulifaya, ndiponso ngati mumakonda liwu loyera la masiku ano. Passive ndi yosavuta kusamala ndipo siingakuthimireni pakati pa nyimbo. Mukasankha active, kumbukirani ziwiri: muzizula chingwe mukamaliza kuyimba, chifukwa chingwecho ndicho chimayatsa batire, ndipo muzikhala ndi batire lina m'chikwama. Batire likamatha liwu limayamba kusweka ndi kufooka. Mabesi ena ali ndi kaswitchi kosinthira ku passive, ndipo kameneko n'kofunika kukafunsa pogula.

Chenjezo limodzi kwa ongoyamba: mabatani a active amanyengerera munthu kukweza liwu lapansi mpaka mapeto. Zotsatira zake ndi chigugu chodzaza nyumba koma chosamveka noti. Yambani mabatani onse ali pakati, muzisuntha pang'onopang'ono.

Nsambo zinayi kapena zisanu?

Besi ya nsambo zinayi imachunidwa E, A, D, G, ndipo E yapansi imanjenjemera pafupifupi ka 41 pa sekondi. Ya zisanu imawonjezera B pansi pa E, yofika pafupifupi pa 31. Manoti atsopano amene mumapeza ndi asanu okha, koma phindu lenileni silili pamenepo pokha. Nsambo yachisanu imakulolani kuyimba mzere wonse dzanja lili pamalo amodzi, osathamanga uku ndi uku pakhosi. Ndipo ngati mumayimba ndi kwaya, malipenga kapena woyimba kiyibodi wokonda makiyi a E flat, D flat kapena C, mudzatha kutsika pansi m'malo mokwera pamwamba pamene nyimbo ikufuna kulemera.

Zotayika zilipo. Khosi limatambalala, gitala imalemerako, ndipo nthawi zambiri nsambo zimayandikana, mamilimita 16 mpaka 18 m'malo mwa 19 amene ndi ofala pa besi ya zinayi. Chovuta kwambiri ndi kutontholetsa nsambo zimene simukuziliza. B ija imakonda kung'ung'udza yokha mukamayimba nsambo zina, ndipo muyenera kuphunzitsa chala chachikulu kuigwira.

Poyesa besi ya zisanu, khalani nthawi pa B. Ngati ili lendelende, ikumveka ngati mpweya chabe poyerekeza ndi E, isiyeni. Makampani ena amatalikitsa mtunda wochokera kumutu kukafika ku bridge kufika mainchesi 35 kuti B ikungike bwino, koma alipo mabesi a mainchesi 34 okhala ndi B yolimba ndithu.

Wongoyamba kumene akhoza kuyambira pa zisanu ngati nyimbo zake zikufuna zimenezo. Palibe lamulo loti muyambe ndi zinayi. Za zisanu ndi imodzi, zowonjezera C pamwamba, zimene Anthony Jackson anaziyambitsa m'zaka za m'ma 1970, zimayenera amene amayimba ma chord ndi ma solo. Ngati simunamvepo kusowa kwake, simukuzifuna panopa.

Manja anga ndi aang'ono. Kodi besi ndingaikwanitse?

Kwambiri. Mabesi ambiri ali ndi mainchesi 34, pafupifupi masentimita 86, kuchokera kumutu kumene nsambo imayambira kulira kukafika ku bridge. Koma aliponso aafupi, a mainchesi 30, pafupifupi masentimita 76, monga Fender Mustang ya mu 1966 ndi Höfner yooneka ngati vayolini imene Paul McCartney amadziwika nayo. Pa amenewa ma fret, tizitsulo topingasa pakhosi togawa manoti, amayandikana, nsambo zimafewa, ndipo liwu limakhala lonenepa ndi lofunda.

Musaone ngati besi yaifupi ndi ya ana. Stanley Clarke, munthu wamtali wa zala zitalizitali, wakhala akuyimba besi yaifupi ya Alembic kwa zaka zambiri chifukwa choikonda. Komanso ambiri a manja aang'ono amayimba bwinobwino ya mainchesi 34, pophunzira kusuntha dzanja m'malo motambasula zala mokakamiza. Chakumutu kwa khosi gwiritsani ntchito chala choyamba, chachiwiri ndi chakanise pa ma fret atatu, dzanja silidzatopa msanga.

Ndiziyang'ana chiyani pa khosi ndi kulemera kwake?

Kupatula kutambalala kwake, khosi limasiyana kunenepa kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo. Ena ndi opyapyala kwambiri, monga a Ibanez a mtundu wa SR, ena ndi odzaza dzanja. Lopyapyala silitanthauza losavuta kwa aliyense, chifukwa alipo anthu amene dzanja lawo limachita dzanzi likasowa pogwira pokwanira. Kumbuyo kwa khosi kumakhala kopakidwa vanishi yonyezimira kapena yosanyezimira. Ngati manja anu amachita thukuta, yonyezimirayo imamata. Yendetsaninso chala m'mphepete mwa khosi kuti mumve ngati ma fret akubaya.

Za kulemera, mabesi ambiri ali pakati pa makilogalamu 3.5 ndi 4.5. Mukapitirira pamenepo, phewa lidzakuuzani pa ola lachiwiri. Koma kulemera kokha sikunena zonse. Ivaleni ndi lamba, muimirire, muchotse manja onse. Ngati mutu wa gitala ukugwera pansi, ndiye kuti dzanja lanu lamanzere lizigwira ntchito ziwiri, kuyimba ndi kunyamula. Zimenezi zimachitika kwambiri pa mabesi amene nyanga yake yam'mwamba, pamene lamba amakoledwa, ndi yaifupi. Lamba wotambalala wosaterera amathandizako.

Kodi nsambo zimasinthadi kamvekedwe?

Kuposa mmene ambiri amaganizira. Ndinganene kuti pambuyo pa zala zanu ndi pickup, palibe chimene chimasintha liwu la besi kuposa nsambo, komanso ndiyo njira yosaboola m'thumba poyerekeza ndi kugula gitala ina.

Pali mitundu iwiri ikuluikulu. Za flatwound zimakulungidwa ndi waya wophwatalala, ndiye zimasalala pansi pa chala, siziliza tsiii mukamatsetsereka, ndipo liwu lake ndi logunda, lozima msanga. Mabesi ambiri oyambirira ankabwera ndi zimenezi. Jamerson ankagwiritsa ntchito za La Bella, osazisintha kawirikawiri, ali ndi kasiponji ku bridge kofupikitsa kulira kwa noti. Za roundwound zimakulungidwa ndi waya wozungulira, zimakhakhala pang'ono, ndipo liwu lake ndi lowala, lolira nthawi yaitali. Zinafala pamene kampani ya Rotosound inagwira ntchito ndi John Entwistle wa bandi ya The Who m'zaka za m'ma 1960, ndipo lero ndizo zimabwera ndi mabesi ambiri atsopano.

Pakati pa roundwound, zokutidwa ndi nickel zimafewa m'khutu ndi m'zala, pamene za stainless steel zimathwa kwambiri. Kukula kofala ndi .045 mpaka .105. Zopyapyala n'zosavuta kudinikiza, zonenepa zimalimba ndipo zimayenera amene amatsitsa kachunidwe.

Roundwound zimafa. Thukuta ndi litsiro zimalowa m'mipata ya waya, liwu n'kuzimirira. Choncho mukayesa besi m'sitolo n'kumva ngati yafunditsidwa bulangete, musaiweruze musanafunse kuti nsambozo zakhalapo nthawi yaitali bwanji. Flatwound zimatha kukhala zaka, ndipo ambiri amazikonda kwambiri zikakalamba.

Nanga matabwa? Ndimamva za alder, ash, maple, rosewood.

Pa nkhani iyi oyimba amakangana mpaka kalekale. Matabwa amakhudza kulemera kwa gitala, kulimba kwa khosi ndi mmene ikumvekera m'manja, ndipo pa liwu gawo lawo lilipo koma ndi laling'ono poyerekeza ndi pickup, nsambo ndi ampulifaya. Ine sindingasiye besi yondikwana m'manja chifukwa cha dzina la thabwa lake. Chimene ndimasamala ndi chakuti khosi likhale la thabwa louma bwino, losapindika nyengo ikasintha.

Besi iti imayenera mtundu wa nyimbo zanga?

Zimene ndilembe apa ndi poyambira chabe, chifukwa mtundu uliwonse uli ndi akatswiri amene anachita zosiyana n'kupambana.

Reggae imafuna liwu lakuya, lozungulira, lopanda kuthwa. Aston "Family Man" Barrett wa The Wailers ankadziwika ndi Jazz Bass. Chinsinsi chili pa pickup yakukhosi, batani la kamvekedwe lotsitsidwa, nsambo za flatwound kapena zakale, ndi zala zoliza mofatsa pafupi ndi khosi, ampulifaya ndiyo izigwira ntchito yokweza. Precision nayonso imachita bwino zedi pano.

Gospel ya masiku ano ndi R&B zimadalira kwambiri besi ya nsambo zisanu, nthawi zambiri ya active, chifukwa makiyi amasinthasintha ndipo besi imayenera kutsika limodzi ndi dzanja lamanzere la woyimba kiyibodi.

Funk, makamaka kayimbidwe komenya nsambo ndi chala chachikulu n'kukoka ndi cholozera, kamene Larry Graham anayambitsa, imafuna roundwound zatsopano, nsambo zotsika pafupi ndi ma fret, ndi mpata wokwanira pakati pa nsambo. Jazz Bass ndi StingRay ndizo zimalamulira. Marcus Miller amadziwika ndi Jazz Bass ya m'zaka za m'ma 1970 imene anaiikira kachipangizo ka active.

Rumba ya ku Congo, soukous ndi sungura ya ku Zimbabwe n'zosiyana ndi zonsezi, chifukwa besi imathamanga, imakwera pamwamba pa khosi, ndipo nthawi zina imayimba nyimbo yakeyake pambali pa magitala. Mvetserani Alick Macheso mudzamva zimene ndikunena. Apa mukufuna khosi losavuta kuthamangapo, nsambo zotsika, ma fret apamwamba ofikirika, ndi liwu lapakati lomveka bwino kuti noti zisaphatikizane. Liwu lakuya kwambiri limawononga mizere yotereyi.

Rock imayendera Precision yolizidwa mwamphamvu, ndi zala kapena ndi pick, kapulasitiki kolizira nsambo. Amene amafuna liwu lachitsulo loboola magitala amapita ku Rickenbacker, imene Chris Squire wa Yes ndi Lemmy wa Motörhead ankaikonda. Oyimba metal otsitsa kachunidwe amafuna khosi lalitali. Mabesi a Dingwall, okhala ndi ma fret opendekeka, amafika mainchesi 37 pa nsambo ya B.

Ndigule yopanda ma fret?

Besi yopanda ma fret imayimba ngati munthu, noti imatupa n'kutsetsereka kupita ku inzake. Jaco Pastorius anazula ma fret pa Jazz Bass yake n'kusintha mmene dziko limamvera chidachi. Bakithi Kumalo wa ku South Africa ndi Pino Palladino anasonyeza kukoma kwake mu nyimbo zotchuka. Koma noti yolondola ili pa chala chanu ndi khutu lanu basi. Mukaphonya pang'ono, bandi yonse imamveka yosachunidwa. Ikhale besi yanu yachiwiri, pokhapokha ngati munazolowera kale vayolini kapena besi yaikulu yoimika. Yokhala ndi mizere yosonyeza malo a ma fret imathandiza poyamba.

Kodi yotchipa ingagwire ntchito yeniyeni?

Inde. Makina odulira matabwa oyendetsedwa ndi kompyuta achititsa kuti mabesi otsika mtengo a makampani monga Squier, Yamaha, Ibanez, Cort ndi Sire azituluka olongosoka kuposa kale. Kumene amachepetsa ndalama ndi pa makiyi ochunira, mabatani, ndi nthawi imene mmisiri amathera posalaza ma fret.

Chimene chimasandutsa besi yotchipa kukhala yabwino ndi kuikonza bwino, ndipo apa m'pamene ambiri amataya mwayi. Mkati mwa khosi muli chitsulo chotchedwa truss rod, chimene chimawongola khosi polimbana ndi kukoka kwa nsambo. Khosi liyenera kupindika pang'ono kwambiri, osati kuwongoka kotheratu. Kenako pamabwera kutalika kwa nsambo kuchokera pa ma fret, kumene ambiri amakuika pa mamilimita 2 mpaka 2.5 pa fret ya 12. Pomaliza bridge imasunthidwa kuti noti ya pa fret ya 12 igwirizane ndi ya nsambo yosadinikiza. Ongoyamba ambiri amasiya besi poganiza kuti zala zawo n'zofooka, chikhalirecho nsambo zinali m'mwamba mopitirira muyeso. Ngati simunachitepo, perekani kwa mmisiri wodziwa, mukhale pambali muzionerera. Truss rod imapotokoledwa pang'onopang'ono, ndipo ikakana musaikakamize.

Ndikamayesa besi, makamaka yogwiritsidwapo kale ntchito, ndichite chiyani?

Yambani osailumikiza. Lizani noti iliyonse pa nsambo iliyonse, kuyambira kumutu mpaka kumapeto. Mukusaka malo amene nsambo ikukhudza fret n'kumalira zzz, ndi malo amene noti ikufa msanga kuposa zinzake. Pa mabesi ambiri a kapangidwe ka Fender malo otere amapezeka pa nsambo ya G, chapakati pa fret ya 5 ndi ya 7. Pang'ono n'zachizolowezi, koma ngati noti ikungozima nthawi yomweyo, ganizani kawiri.

Yang'anani khosi kuchokera kumutu ngati mukuloza chinthu. Kupindika kofanana mbali zonse kumakonzeka, koma khosi lopotoka, mbali imodzi yokwera ina yotsika, lisiyeni. Funsani ngati truss rod imatembenuka mbali zonse ziwiri. Onani ngati ma fret adyeka mpaka kuchita timaenje, ndi ngati pali mng'alu kumutu kapena pamene khosi limakumana ndi thupi.

Kenako lumikizani, mabatani a ampulifaya onse ali pakati. Potokolani batani lililonse la gitala mumve ngati likukhwekhwereza, gwedezani chingwe polowera mumve ngati liwu likudukaduka. Zimenezi n'zokonzeka mosavuta, koma n'zabwino kuzidziwa musanagwirizane mtengo. Yimbani mizere imene mumayimba tsiku ndi tsiku, osati yovuta yofuna kugometsa anthu. Ngati n'kotheka, pitani ndi mnzanu ayimbe inu muli chapatali, popeza besi imamveka mosiyana ukaima pafupi ndi sipika.

Ndine wamanzere. Nditani?

Mabesi amanzere alipo, ngakhale mitundu yake ndi yochepa ndipo kugulitsanso kumavutirapo. Ngati simunayambe kuphunzira, yesani mbali zonse ziwiri. Dzanja limene limasunga kugunda kwa nyimbo mosavuta ndilo lizilize nsambo.

Ampulifaya ili ndi gawo lanji pa zonsezi?

Lalikulu kwambiri, moti ndalama zanu musathere zonse pa gitala. Liwu lapansi limafuna mphamvu zambiri kuti lisunthe mpweya. Pophunzirira m'nyumba mawati 15 mpaka 40 ndi okwanira, koma kuti mumveke pambali pa woyimba ng'oma wamphamvu mufunika 200 kapena kuposerapo. Masipika a besi amakhala a mainchesi 10, 12 kapena 15. Musakweze besi pa ampulifaya ya gitala wamba, sipika yake ikhoza kung'ambika. Kumene kuli zokuzira mawu zikuluzikulu, kabokosi kotchedwa DI kamatumiza besi yanu molunjika ku mikisa, ndiye ampulifaya yanu imangokhala yoti muzidzimvera nokha.

Ndinagula kale koma liwu lake silikundisangalatsa. Ndiigulitse?

Musafulumire. Yambani ndi nsambo: ngati liwu lafa, ikani zatsopano, ndipo ngati likuthwa mopitirira, yesani za nickel kapena flatwound. Kenako ikonzetseni monga tafotokozera. Onaninso kutalika kwa pickup, chifukwa ikayandikira kwambiri nsambo maginito amaikoka, noti n'kumagwedera, ndipo ikatalikira liwu limafooka. Dinikizani nsambo pa fret yomaliza, mpata pakati pa nsambo ndi pickup ukhale pafupifupi mamilimita 2 mpaka 3, ndipo mbali ya nsambo zikuluzikulu ikhale yotsikirapo kuti zonse zimveke mofanana. Mu bandi, yesani kuchepetsa liwu lapansi pa ampulifaya n'kuwonjezera lapakati.

Ngati mwachita zonsezi koma vuto ndi khosi losakukwanani m'dzanja kapena kulemera kopweteka phewa, pamenepo igulitseni, chifukwa ziwirizi mmisiri sangazisinthe mosavuta.